Anchito Osaoneka a m'Nthaka: Za Tizirombo Timene Tidyetsa Mbeu

Acikumbi a ku Kande ndi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kufikira ku Chintheche adziwa bwino makhalidwe a nthaka yao. Mvula imagwa yambiri, pakuti boma la Nkhata Bay liri pakati pa maboma olandira mvula yocuruka koposa m'Malawi. Koma kufupi ndi gombe dothi ndi la mcenga, ndipo mcenga susunga kanthu. Mlimi athira fetereza lero, mvula yamphamvu nigwa masiku awiri, ndipo cakudya cimene anagula ndi thukuta lace citsikira pansi kumene mizu ya cimanga siingafike. Patapita masabata owerengeka masamba a m'munsi ayamba cikasu kuyambira kunsonga, mwini munda nayesa kuti wogulitsa anamnyenga. Kawiri-kawiri wogulitsayo alibe mlandu. Fetereza anali wabwino, koma nthaka inalibe comgwirira.

Fetereza wa m'matumba ngwofunika, ndipo sitidzakuuzani kuti mumleke. Koma acokera kutali, adzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo mtengo wace suli m'manja mwa mlimi. Munaona nokha m'caka ca 2022, nkhondo itabuka ku Ukraine, momwe thumba linakwerera, ndi momwe linakwereranso ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu mu November 2023. Cifukwa cace nkoyenera kuti mlimi adziwe anchito ena amene ali kale m'munda mwace, amene salandira malipiro, koma afuna kusungidwa bwino.

Tizirombo tabwino ndi toipa

Anchitowa ndiwo tizirombo tating'ono-ting'ono tochedwa mabakiteriya. Sitioneka ndi maso, koma pa galasi lokuza zinthu la m'nyumba zoyesera. Ambiri a ife tikamva dzina limeneli tikumbukira matenda a kolera ndi cifuwa cacikuru, ndi kufota kwa fodya ndi matimati. Ndipo nzoona kuti nthenda zimenezi zidza ndi mabakiteriya. Koma monga m'mudzi muli mbala ndiponso muli osula makasu, comweconso m'nthaka. M'dothi lacondo lodzaza kasupuni kakang'ono muli mabakiteriya mamiliyoni ambiri, ndipo ocuruka mwa iwo alibe coipa cimene acitira mbeu.

Tizirombo timeneti sitimwazikana mofanana m'munda monse. Tisonkhana pa mizu, monga anthu asonkhana pa gombe ngalawa za usipa zikamakoceza. Cimene tidzera ndi cakudya. Masamba a mbeu apanga shuga ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo gawo lina la shugayo litsikira ku mizu ndi kukha pang'ono-pang'ono m'dothi loizinga. Poyang'ana msanga munthu angati mbeu ingotaya cuma cace. Iai, ilipira anchito ace. Munthu wa ku Germany, Lorenz Hiltner, ndiye anayamba kupatsa dzina kadothi kameneka kozinga muzu m'caka ca 1904, ataona kuti moyo wa m'menemo usiyana ndi wa m'dothi la patali ndi mizu.

Timibulu ta pa mizu ya mtedza

Nchito yaikuru koposa ya anchitowa ndiyo ya naitirojeni, cakudya cimene cibiriwitsa masamba ndi kukuza phesi, comwe mumagula mu fetereza wa yureya. Cinthu codabwitsa ndi ici: mpweya umene tipuma uli ndi magawo 78 mwa magawo 100 a naitirojeni. Munda uli wonse wa ku Kande uli pansi pa nkhokwe yosatha ya cakudya cimeneci, koma cimanga sicingatapemo ngakhale pang'ono, pakuti naitirojeni wa mu mpweya ngwomangika kolimba. Kuti anthu ammasule m'mafakitale afuna moto waukuru ndi makina opanikiza mpweya kwambiri. Fakitale yoyamba ya mtundu umenewu inatsegulidwa ku Oppau m'dziko la Germany mu 1913. Ndico cifukwa cace mtengo wa yureya utsata mtengo wa gasi. Thumba la makilogalamu 50 la yureya liri ndi makilogalamu 23 a naitirojeni. Zotsalazo ndi zongomnyamula.

Nchito yomweyo ya fakitale icitika mwakacetecete pa mizu ya mtedza, soya, nyemba, khobwe, nzama, nandolo ndi kalongonda. Kumbani tsinde limodzi la mtedza pamene layamba maluwa, mutsuke mizu m'madzi, ndipo mudzaona timibulu tambiri tomamatira ku mizu. Timeneti si nthenda ai. Ndi nyumba zimene mbeu yamangira mabakiteriya a mtundu wochedwa raizobiya. Mbeu ikamera, mizu yace itulutsa fungo loitana. Tizirombo tiyankha, tilowa m'muzu, ndipo muzuwo utupa pamenepo ndi kutitsekera m'kati. M'menemo mbeu itipatsa shuga, ndipo ito titenga naitirojeni wa mu mpweya wa m'dothi ndi kumsandutsa cakudya cimene mbeu ingamwe.

Makolo athu sanadziwe dzina la tizirombo timeneti, koma anadziwa kuti munda wa nandolo sutopa msanga, ndipo anabzala nyemba ndi khobwe pakati pa cimanga. Amene anatsimikiza cifukwa cace ndi Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth, amene analengeza mu 1886 kuti mbeu za mtundu wa nyemba zobzalidwa mu mcenga wophedwa tizirombo tonse zinyentchera, koma zikapatsidwa madzi pang'ono otsukira dothi la m'munda zimera timibulu ndi kukula bwino popanda fetereza wa naitirojeni. Mu 1888 Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anapatula kacirombo kace ndi kukaweta pa kokha, ndipo zaka khumi zisanathe anthu anayamba kugulitsa tizirombo timeneti kwa alimi.

Kambulu kogwira nchito mudzakadziwa pokadula pakati ndi lezala. Kakakhala kofiira m'kati ngati nyama ya nsomba yaiwisi, nchito iri kucitika. Kufiirako kudza ndi cinthu ca pa cibale ndi cimene cifiiritsa mwazi wathu, cimene cisunga mpweya wa okosijeni kuti usacuruke ndi kuononga nchito ya tizirombo. Kakakhala koyera, kapena ndi kanthete kapena tizirombo tace ndi taulesi, tongodya osabweza. Kakakhala kobiriwira kapena kodera, nchito yace yatha.

Cimene tiphunzira ku sitiroberi

Tsono nanga mbeu zosakhala za mtundu wa nyemba, monga cimanga, fodya, mpunga ndi zipatso? Izi sizimanga timibulu, koma nazonso ziri ndi anchito ao okhala kunja kwa muzu ndi m'ming'alu yace. Ofufuza awiri a ku America, Joseph Kloepper ndi Milton Schroth, ndiwo anachukitsa gulu limeneli la mabakiteriya okuza mbeu m'caka ca 1978. Mbeu imodzi imene akatswiri ayesapo kwambiri ndi sitiroberi, kacipatso kofiira kamene amene anakwerapo phiri la Zomba anakaona anyamata ali kugulitsa m'mbali mwa mseu. Sitiroberi akonda malo ozizira, ndipo sitilangiza mlimi wa ku gombe lotentha la Kande kuti aikepo ndalama zace. Timchula pano cifukwa aonetsa poyera cimene cicitika pa mizu ya mbeu zonse. Mizu yace njosazama, yambiri ikhala m'dothi la pamwamba losapitirira phazi limodzi, kotero kuti akasowa cakudya masamba aulula msanga. Ndiponso amaokedwa monga fodya, kotero nkwapafupi kunyika mizu ya mbande m'madzi okhala ndi mabakiteriya musanaoke, ndi kuyerekeza ndi mbande zosanyika.

Ku Erzurum m'dziko la Turkey ofufuza anacita comweco ndi mabakiteriya a mitundu ya Bacillus ndi Pseudomonas pa sitiroberi wolimidwa popanda fetereza wa m'matumba, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 2010: zipatso zinacuruka, ndipo m'masamba munapezeka fosifolasi ndi zinki woposa wa m'mbeu zosapatsidwa tizirombo. Ku Tucumán m'dziko la Argentina anapeza mabakiteriya a mtundu wa Azospirillum ali kukhala pa mizu ya sitiroberi ndi m'kati mwace. Mtundu umenewu unadziwika kwambiri ndi nchito ya mai Johanna Döbereiner ku Brazil m'zaka za m'ma 1970, amene anaupeza pa mizu ya maudzu ndi ya cimanga.

Kodi kacirombo kosaoneka kaonjezera bwanji fosifolasi m'tsamba, pokhala sikabwera naye? Yankho lace ndi lakuti fosifolasi ali kale m'nthaka, koma ngwomangidwa. M'dothi lofiira la m'mapiri a kumtunda kwa Chintheche, limene mvula yalitsuka zaka zosawerengeka kufikira lasanduka lowawasa, fosifolasi agwidwa ndi citsulo ndi aluminiyamu wa m'dothimo. M'dothi la laimu agwidwa ndi kashiamu. Ngakhale fosifolasi wa mu fetereza wokulitsa, gawo lalikuru limangidwa comweco mbeu isanalimwe. Mabakiteriya ena atulutsa timadzi towawasa, monga ta mandimu, timene tisungunula pang'ono zomangirazo pafupi ndi muzu. Ena amasula fosifolasi wa m'zinyalala zovunda. Enanso atulutsa tinthu togwira citsulo ndi kucisunga cosungunuka, ndipo mbeu ipindula nako, makamaka sitiroberi pa dothi la laimu, pamene masamba ace anthete ayera cikasu mitsempha yokha iri yobiriwira.

Koma njira imene ife tiyesa yopambana zonse ndi ina. Mabakiteriya ambiri a pa mizu atulutsa mankhwala ofanana ndi amene mbeu yokha ipanga pofuna kukuza mizu. Muzu ukalandira mankhwalawa ucita nthambi zambiri ndi ubweya wocuruka. Fosifolasi sayenda m'dothi monga ayendera naitirojeni. Akhala pomwe ali, ndipo muzu uyenera kumfikira. Mbeu ya mizu yambiri iri ngati msodzi wa khoka lalikuru: nsomba za m'nyanja sizinacuruke, koma iye akola zambiri. Pa mcenga wa ku Kande, pamene cakudya cithawa ndi mvula, mizu yocuruka msanga ndiyo igwira fetereza asanatsike.

Apa tiyenera kunena mosabisa. Zimene zicitika m'munda woyesera wa ku Turkey sizicitika nthawi zonse m'munda wa mlimi. Mabakiteriya okhala kunja kwa muzu alibe nyumba yowachinjiriza monga raizobiya. Akathiridwa m'munda apeza eni nthaka ali kale pamenepo, alimbana nao, ndipo nthawi zambiri agonja. Caka cina athandiza, caka cina osaoneka kanthu. Naitirojeni amene iwo atenga mu mpweya ngwocepa ndithu poyerekeza ndi wa m'timibulu. Cotero munthu akadza pa msika ndi botolo, nanena kuti madzi acewo alowa m'malo mwa matumba onse a fetereza wa cimanga, gwirani ndalama zanu kufikira mutafunsa alangizi a zaulimi ndi kuyesa pa mizere yowerengeka.

Tisanacoke pa nkhani imeneyi tichule cinangwa, pakuti ku Kande nsima ya kondowole ndiyo isunga mabanja. Ambiri azizwa kuti cinangwa cibereka pa dothi limene cimanga cakana. Cifukwa cimodzi ndi cakuti mizu yace igwirizana ndi bowa wina wosaoneka, amene ulusi wace ulowa m'muzu ndi kutambalala kutali m'dothi kukatapa fosifolasi. Ameneyu si bakiteriya, koma pangano lace ndi mbeu ndi lomwelo: shuga kusinthana ndi cakudya ca m'nthaka. Izi sizitanthauza kuti cinangwa sicidya. Cidya potaziyamu wambiri, ndipo munda wobzalidwa cinangwa cokha-cokha zaka zambiri uguga monga minda ina yonse.

Inokulanti wa soya

Pa mbeu za mtundu wa nyemba nkhani njosiyana, pakuti pamenepo phindu lace latsimikizika. Dziko la Brazil, limodzi mwa maiko olima soya wambiri pa dziko lonse, lidalira raizobiya m'malo mwa fetereza wa naitirojeni pa mbeu imeneyi. Koma mbeu iri yonse iri ndi tizirombo tace. Mtedza, khobwe, nzama ndi nandolo kawiri-kawiri zipeza anzao m'nthaka yathu, cifukwa zakhala kuno nthawi yaitali. Soya ndi mlendo wocokera ku China, ndipo mitundu yace yambiri siipeza tizirombo toiyenera m'munda umene sunalimidwepo soya. Iripo mitundu ina yosasankha, monga Magoye wa ku Zambia ndi Tikolore wa kuno kwathu, imene imanga timibulu ndi tizirombo ta m'nthaka momwemo; koma ngakhale imeneyi nthawi zambiri ibereka koposa ikapatsidwa tizirombo tosankhidwa.

Tizirombo tosankhidwati tigulitsidwa m'timapaketi ta ufa wakuda wochedwa inokulanti. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa mu 1948 pafupi ndi Lilongwe, anapanga ufa umenewu zaka zambiri. Nchito ya N2Africa, imene inayamba mu 2009, inauyesa m'minda ya alimi ambiri m'Malawi ndi m'maiko ena a Afrika. Ndipo pambuyo pace unadziwika m'masitolo ndi dzina la Nitrofix. Ena aucha mankhwala, ena fetereza, ndipo maina onse awiri asokeretsa. Ufawo ndi wamoyo. Muusamale monga musamala anapiye, osati monga musunga mcere.

Paketi yogonera padzuwa pa benci la wogulitsa, kapena yoyenda tsiku lonse pa denga la basi pa mseu wa m'mbali mwa nyanja m'mwezi wa November, ingakhale ndi tizirombo takufa tokha-tokha ngakhale ioneke yatsopano. Yang'anani tsiku lothera mphamvu, muone ngati yalembedwa kuti ndi ya soya, ndipo pofika kunyumba muiike pozizira ndi pamdima, monga pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Musaitsegule kufikira tsiku lobzala.

Tsikulo khalani pamthunzi. Thirani mbeu m'beseni loyera, muiwaze madzi pang'ono osungunuliramo shuga kuti ingonyowa, osati kuinyika. Kenaka thirani ufa monga mwa muyeso wolembedwa pa paketi, ndi kusakaniza ndi manja mofatsa kufikira njere iri yonse yada. Iumeko pang'ono pamthunzi pomwepo, ndipo muibzale tsiku lomwelo m'dothi lonyowa, kukwirira phando liri lonse msanga. Kubzala mbeu yopaka pa mcenga wouma ndi wotentha poyembekeza mvula ya mawa ndiko kupha anchito asanagwire khasu. Musasakanize ufawu ndi fetereza, pakuti fetereza awaocha. Ndipo musathire yureya pa soya kapena pa mtedza: mbeu ikapeza naitirojeni waulere ileka kumanga timibulu, ndipo mwalipira nchito imene ikadacitika yokha. Cimene mbeuzi zifuna ndi fosifolasi, cifukwa nchito ya m'timibulu idya mphamvu yambiri. Pa dothi lowawasa laimu kapena phulusa la nkhuni lithandiza. M'madambo modikha madzi tizirombo tibanika, cotero kumeneko kwezani mizere.

Cotsalira cimanga ndi cenjezo kwa a fodya

Mlimi wa cimanga adzafunsa kuti, nanga ine ndipindulanji? Apindula ndi zimene zitsala m'munda. Koma tisanyengane: naitirojeni wambiri wa soya alowa m'njere, ndipo njerezo mupita nazo ku msika. Mukazula mitengo yonse, kukapunthira kunyumba ndi kuocha mapesi, munda utsala ndi zocepa. Moto uuluza naitirojeni kubwerera ku mpweya kumene anacokera. Bwezerani masangwi a mtedza ndi mapesi a soya m'munda ndi kuwakwirira m'mizere, kapena muwadyetse ziweto ndi kubweza ndowe. Zovundazo ndizo zipatsa mcenga cogwirira madzi ndi fetereza, ndiponso ndizo cakudya ca tizirombo tonse tachulidwa pano.

Pa nchito yokonza nthaka nandolo aposa soya, cifukwa akhala m'munda miyezi yambiri, mizu yace izama, ndipo ayoyola masamba ocuruka. Ku Ekwendeni m'boma la Mzimba, kuyambira caka ca 2000, alimi ambiri anayesa kubzala mtedza ndi nandolo m'munda umodzi, ndi kubzalamo cimanga caka cotsatira. Mbeu ziwirizi sizilimbana kwambiri, pakuti nandolo ayamba mocedwa ndipo akula mtedza utakololedwa. Cobvuta cace ndi mbuzi za m'cilimwe, ndipo imeneyo ndi nkhani yofuna mfumu ndi mudzi wonse.

Kwa inu a fodya a ku Mzimba, Rumphi ndi Kasungu tiri ndi mau awiri. Oyamba: musasokoneze timibulu tabwino ndi zotupa za tinyongolotsi ta m'mizu timene alangizi aticha manematodi. Kambulu ka raizobiya kamamatira pambali pa muzu, kathothoka mukakakhudza ndi cala, ndipo nkofiira m'kati. Cotupa ca nyongolotsi ndi muzu weni-weni umene wafufuma, sicithothoka popanda kudula muzu, ndipo ncoyera ndi colimba m'kati. Fodya samanga timibulu konse, cotero cotupa ciri conse pa muzu wa fodya ndi nthenda. Soya, nyemba ndi khobwe ziweta tinyongolotsi tomweto, ndipo si nzeru kuoka fodya kapena kuika nazale pamene mwangokolola mbeu zimenezi. Mtedza ndiwo suweta mitundu yace yofala kuno. Aciwiri: munda wotsala ndi naitirojeni wambiri upatsa fodya wa m'mabani a moto tsamba lokhuthala locedwa kupsa ndi lobvuta kufiiritsa, cotero funsani alangizi muyeso wa fetereza musanathire monga mwa masiku onse.

Amene akayika zonsezi ayese yekha dzinja likudzali. Sankhani malo a dothi lofanana, mubzale mizere isanu ya soya wosapaka poyamba, manja ndi beseni zisanakhudze ufa. Pamenepo siyani mizere iwiri, ndi kubzala mizere isanu ya mbeu yomweyo yopaka. Mupalire mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Maluwa akayamba, kumbani ndi khasu matsinde atatu mbali iri yonse, osazula ndi manja cifukwa timibulu titsalira m'dothi, muwatsuke, muwerenge timibulu ndi kudula tingapo. Pokolola punthani mbali iri yonse pa yokha ndi kuyesa ndi cidebe cimodzi, ndipo ciwerengeroco mukacionetse kwa mlangizi wa dera lanu pamene muli kupangana za mbeu ya caka camawa.